Bawo la Dziwani ndi Apongozi Ake

Pa akamwini onse a kwa Kaphuka, palibe amene walowapo m'tchire kawirikawiri kuposa Dziwani. Sikuti amasaka mbewa ayi. Kungoti akaona apongozi ake, mayi Dorika, atulukira kutsogolo kwa njira, iye amapatuka pomwepo, osayang'ana n'komwe kuti akupatukira pati. Analowapo m'chitedze. Anagwerapo m'ngalande ya dimba la eni ake, njinga n'kumugonera pamwamba. Tsiku lina ananyonyomala kuseri kwa chulu mpaka miyendo kuchita dzanzi, chifukwa apongoziwo anakumana ndi mnzawo pamalo pomwepo n'kuyamba kukambirana za maliro a chaka chatha, kuyambira pa matenda mpaka pa amene anadya kwambiri.

Mwambo wake ndi womwe uja: mkamwini ndi mayi wa mkazi wake sayang'anana m'maso, sadyera pamodzi, sakhala pa mphasa imodzi. Ambiri masiku ano anaufewetsa, moti m'tauni mukhoza kupeza mkamwini akulimbirana mpando ndi apongozi kutsogolo kwa wailesi ya kanema. Koma mayi Dorika ndi munthu wakale, ndipo Dziwani ndi wamanyazi chibadwire, ndiye pa nkhani yosaonanayi awiriwa anagwirizana kuposa anthu ambiri oonana. Mawu akafuna kudutsa amadzera mwa Alinafe, mkazi wa Dziwani, ngakhale onse atatu ali pabwalo limodzi ndipo chowalekanitsa ndi mpanda wa udzu wokha.

"Iwe Alinafe, uwauze amuna ako kuti mbuzi yawo yatha nyemba zanga."

"Alinafe, muwauze amayi kuti pepani, ndiimanga."

Alinafe amangokhala pakati akusenda mbatata, osauza aliyense chilichonse, poti onse amakhala amva kale.

Dziwani anabadwira m'tsinde mwa Phiri la Dedza, kumene mwana wamwamuna amayamba kudziwa fungo la utuchi wa paini asanadziwe la sopo. Bambo ake anali ocheka matabwa, ndipo naye sukulu itamukanika analowa ntchito yomweyo. Sanaigwire nthawi yaitali. Chipika china chinagubuduka n'kumuphwanya phazi, moti mpaka lero amatsimphina pang'ono, makamaka m'miyezi yozizira ija nkhungu ikamatsika m'phiri. Phazi likupola, ankakhala pakhonde la sitolo ya a Amadu pa boma, ndipo a Amaduwo, atatopa kumuona akungoyang'ana anthu odutsa, anamulowetsa m'kati kuti aphunzire kutaipa pa kompyuta yawo yakale. Dziwani anakumana ndi Alinafe pa Chimbiya, mtsikanayo akugulitsa mbatata ya kachewere m'mbali mwa msewu. Dziwani anagula ndowa yathunthu pomwe kwawo mbatata inali yodzaza nyumba, mawa lake anabweranso kudzagula ina, ndipo chaka chisanathe anali akumanga nyumba yake kuseri kwa nkhokwe ya mayi Dorika.

Khasu silinamuyanje. Mizere yake imayamba bwino koma pakati imasintha maganizo, ndipo mayi Dorika anatumapo Alinafe, mokweza ndithu, kuti akafunse amuna ake ngati mizereyo ikupita ku Mozambique. Choncho alimi a mbatata a m'deralo atatsegula ofesi ya gulu lawo pa Chimbiya, n'kulandira kompyuta kuchokera ku likulu la magulu otere ku Lilongwe, Dziwani anaona kuti Mulungu wamukumbukira. Koma panali vuto. Odziwa kompyuta m'gulu lonse anali awiri okha: iyeyo, ndi mlembi wa gululo, amene anakaphunzira kumaphunziro ena achidule n'kubwerako akutaipa ndi zala ziwiri ngati akuswa nsabwe. Mlembiyo anali mayi Dorika.

A Bonifasio, wapampando wa gulu, anaithetsa nkhaniyi mwanzeru. Mayi Dorika azibwera m'mawa kudzalemba matumba amene alimi abweretsa, Dziwani azibwera masana kudzalemba amene akwera pa lole. Pa mzikiti wa pa Chimbiya akaitana anthu ku swala ya masana, mayi Dorika ankakhoma chitseko n'kulowera kumsika, ndipo Dziwani, amene ankakhala atabisala m'kanyumba ka tiyi kutsidya kwa msewu, ankadikira kuti nsalu yawo izimiririke m'khamu, kenako n'kuwoloka. Mpando ankaupeza ukadali wofunda, ndiye ankayamba waimirira kaye pang'ono chifukwa cha ulemu.

Kompyutayo inali ya mtundu wodabwitsa. Patebulo panali sikirini, kiyibodi, mausi ndi kabokosi kakang'ono ngati sopo wochapira. Kabokosiko kanalibe nzeru zilizonse. Kompyuta yeniyeni inali ku Lilongwe, m'chipinda chozizira chimene palibe wa pa Chimbiya anachionapo, ndipo zooneka pa sikirini zinkangobwera pa netiweki. Ofesi yonse inali ndi dzina limodzi lolowera ndi nambala imodzi yachinsinsi. Ubwino wake unali woti chimene wasiya n'chimene ukapeze. Ukachoka ntchito ili pakati, ngakhale magetsi azime pa Chimbiya usiku wonse, mawa uipeza ili pomwepo ikukudikira.

Mlangizi wina wa zaulimi, amene anakhalapo pa ofesiyo masiku oyambirira, anaikamo masewero a bawo la anthu awiri, n'kusamuka osawachotsa. Dziwani anawapeza tsiku lina mvula itatsekereza malole. Anatsegula, naona maenje ndi nkhomo zili ndandanda, nasuntha za mbali ya m'munsi, kungoyesa chabe. Kompyuta sinayankhe, poti inkadikira munthu wachiwiri. Iye anaweruka n'kuiwalako.

Mawa lake masana anapeza mbali ya kumtunda yayankha. Sikunali kuyankha wamba. Inali itamudya nkhomo zake za kutsogolo mwaukhondo, mmene amadyera madoda a pakhonde la telala.

Dziwani anayang'ana chitseko, anayang'ana zenera. Makiyi a ofesi anali ndi anthu awiri okha, nambala yachinsinsi ankaidziwa anthu awiri okha, ndipo mmodzi wa iwo anali iyeyo. Panalibe chofunsa apa. Anazindikira kuti apongozi ake, amene sanamulankhulepo ngakhale liwu limodzi maso ndi maso, amudya. Anaganiza zotseka masewerowo n'kukhala ngati sanaone kanthu. Koma munthu wamkulu akayamba kulankhula, kumusiya osamuyankha n'chipongwe. Anapukuta manja pa thalauza, nasewera.

Umu ndi mmene zinayambira, ndipo mbatata inabzalidwa n'kukumbidwa kangapo zikupitirirabe. Kusuntha kumodzi m'mawa, kumodzi masana, bawo likatha kuyamba lina. M'mawa ali kumunda, Dziwani ankakumba timaenje m'mbali mwa mzere n'kuikamo timiyala, kuyeserera zoti akachite masana, ndipo mizere yake inakhota kuposa kale. Patapita nthawi, Alinafe akucheza zina, anatchula kuti malemu bambo ake anali katswiri wa bawo, ndipo masiku amene ankadwala osatha kupita kwa anzawo, ankasewera ndi amayi m'nyumba chitseko chili chotseka, kuopa kusekedwa. Chimwalirireni bambowo amayi sanakhudzenso nkhomo, nanga mzimayi wa msinkhu wawo angakakhale bwanji pakati pa amuna pakhonde la telala? Dziwani anangoti "Oo," n'kupitiriza kudya, koma mumtima anamva chisoni, ndi kunyada komwe.

Kamodzi kokha zinatsala pang'ono kuululika. Magetsi anazima m'dera la kumzikiti, chimkuzamawu sichinalire, ndipo Dziwani poona dzuwa anaganiza kuti waphonya kuitanako. Anawoloka msewu, nakankha chitseko, n'kupeza mayi Dorika atawerama pa sikirini, magalasi ali pansonga ya mphuno, milomo ikuwerenga maenje. Anabwerera chafutambuyo, naponda mulu wa tomato wa mayi wina, ndipo analipira osatsutsa. Tsiku limenelo apongozi anamudya mowirikiza, koma kunyumba sikunamveke liwu lililonse.

Anayamba kuwadziwa apongozi ake kudzera m'nkhomo. Akadzuka bwino ankasewera mwachifatse, kumutchera misampha yakutali. Mbuzi ikadya nyemba ankamudya mopanda chifundo. Sabata imene mwana wa Dziwani anagonekedwa kuchipatala, anamusiyira dala dzenje lonenepa poyera, ndipo iye analidya misozi ili m'maso, podziwa kuti chimenecho ndiye chipepeso chawo. Dziwani sanapambanepo ngakhale kamodzi. Koma m'mudzi mmene munda, nkhokwe ndi ana omwe ndi za akuchikazi, bawo limeneli linali malo okhawo amene mayi Dorika ankamudikira kuti nayenso anenepo kanthu. Ankalikonda kwambiri, ndipo palibe wina ankadziwa, ngakhale Alinafe.

Kenako kunabwera Fadila. Anali mtsikana woyang'anira makompyuta kulikulu, wobadwira pa boma pa Dedza pomwepo, wovala mpango wobiriwira ndi nsapato zothamangira, wolankhula mofulumira ngati minibasi ikumusiya. A Bonifasio anaitanitsa komiti yonse. Dziwani anakhala pakona kuseri kwa mulu wa matumba, kungoonekera chipewa. Mayi Dorika anakhala panja pakhonde, pansi pa zenera, atafulatira.

"Zinthu zikusintha," anatero Fadila. "Choyamba, zogwiritsa ntchito dzina limodzi ofesi yonse zatha, aliyense akhala ndi lake. Chachiwiri, aliyense asankhe mtundu wa kompyuta imene azilowamo. Ilipo mitundu iwiri. Pali yokumbukira, ngati imene muli nayoyi. Imasunga chilichonse chimene mwaikamo, chabwino ndi choipa chomwe, ndiye imadya malo ambiri kwathu kuja, ndipo ikadwala timavutika nayo. Palinso yoiwala. Imeneyo mukangotuluka imafufuta zonse, mukalowanso mumaipeza yatsopano ngati yangochokera m'sitolo. Ntchito ya gulu sitayika, imasungidwa kwina. Zotayika ndi zinyalala zokha."

Pa zonsezi Dziwani anagwira mawu awiri okha, akuti "imafufuta zonse". Za maina zija sanaziike n'komwe kumtima.

A Bonifasio anagwedeza mutu mokhutira. "Zamveka, mwana wanga. Zili ngati mbewu. Ukamangosunga yako chaka ndi chaka umasunga ndi matenda omwe, mbatata n'kumafota m'munda. Bola yatsopano."

"Ee ndithu, bambo. Taimani ndikuonetseni zimene zadzaza mu yanuyi," anatero Fadila, natembenuza sikirini kuti onse aone.

Bawo linatulukira poyera, kudzaza sikirini yonse. Chipewa cha kuseri kwa matumba chinatsika pang'onopang'ono mpaka kusowa.

"Kodi matenda mumanena aja ndi amenewa?" anafunsa a Bonifasio.

"Ayi, awa ndi masewero. Akusewera ndani?"

Palibe anamva funsolo, chifukwa amuna onse a m'komiti anali atadzuka kale n'kuunjirira sikirini, manja ali kumbuyo. Mwamuna wa kuno akhoza kudutsa pa ndewu osacheuka, koma pa bawo la eni ake sangadutse osathirapo ndemanga.

"Wakumtundayu ndi dolo," anatero mmodzi. "Taonani mmene watsekera apa. Ameneyu si wa masiku ano."

"Nanga wam'munsiyu?"

"Aaa, uyu ndiye mbuli yeniyeni. Akungopereka nkhomo ngati ali m'tchalitchi."

Panja pa zenera panamveka kachifuwa kouma, kamene munthu wosadziwa akanati n'chimfine.

Fadila anayang'ana kuzenera, anayang'ana kumatumba, nakanda pamphuno kubisa kumwetulira. Anali mwana wa konkuno, zina sankafunika kuuzidwa. "Mwina anasiya mlangizi uja," anatero. "Basi, zoterezi n'zimene yoiwala imasesa. Ndiye a Dziwani, muli kuti kodi? Inu musankha iti?"

Chipewa chinatulukanso. "Yokumbukira."

"Chifukwa chake? Kulikulu amafuna chifukwa, yokumbukira sitingopereka chisawawa."

Apa ndiye panali pothina. Chifukwa chenicheni chinali pa sikirini pomwepo anthu onse akuchiona, koma kuchitchula kunali kuchititsa manyazi apongozi pagulu, ndi iye yemwe. Ndiye anayamba kutola zifukwa za m'njira.

"Maso angawa ndi ovuta. Zilembo ndinachita kuzikulitsa. Ikamaiwala ndiye kuti tsiku lililonse..."

"Zimenezo ndikonza, zizibwera zili zazikulu kale."

"Palinso makina osindikizira aja. Ndinavutika kuti amvane ndi kompyutayi."

"Makina ake ati? Awa mwaikapo ketulowa?"

"Nanga chithunzi cha kumbuyochi? Gulu linachizolowera."

Fadila anasunthira bawo pambali kuti onse aone chithunzicho. Chinali cha phiri lina la kunja, loyera nsonga, chimene chinabwera ndi kompyutayo, ndipo ambiri m'komiti anali kuchiona koyamba. Anthu anayamba kuseka. Dziwani anaona kuti zikumupulumuka, ndipo munthu amene pa misonkhano yonse ankangolankhula povomera pemphero, anaimirira, navula chipewa.

"Akuluakulu, ine sindidziwa kulankhula. Koma chinthu chodzuka m'mawa uliwonse osakudziwani, inu mungakhale nacho? Mwagwira nacho ntchito dzulo, lero chikukuyang'anani ngati mlendo. Ngakhale galu amadziwa kuti mwabwera. Ine kuno ndine wobwera, kwathu n'kuphiri. Ndikalowa muno masana n'kupeza kuti chimene ndinasiya dzulo chilipo, ndipo chasuntha pang'ono... ndikutanthauza kuti chili bwinobwino... ndimadziwa kuti nanenso ndilipo. Chonde musandilande chimenecho."

Anakhala pa thumba la mbatata. Palibe anamvetsa bwinobwino zimene ananena, koma anazinena mochokera pansi pa mtima, moti a Bonifasio, amene posachedwapa ankatamanda mbewu yatsopano, anapukuta m'maso nati, "Mpatseni mwanayu yokumbukira. Mbewu ina yakale imakoma."

"Chabwino," anatero Fadila. Anaoneka ngati akufuna kuwonjezera kanthu, koma poona kuchuluka kwa makutu anangoti, "Ndiisamutsira m'dzina lanu mmene ililimu, osachotsamo kanthu. Nanga inu amayi panjapo?"

Mayi Dorika sanacheuke. "Uwauze a kulikuluwo andipatse yoiwalayo. Mutu ndili nawo wanga."

Dziwani anamva, koma anangoti n'kudzitukumula kwa apongozi kwa masiku onse. Tsiku limenelo anapalasa njinga kupita kumudzi akuimba mluzu, ndipo atatsika anaiwala kutsimphina.

Lolemba masana analowa ndi dzina lake latsopano. Zonse zinalipo: zilembo zazikulu, phiri la eni ake, bawo. Kompyuta inali itakumbukira ndithu. Nkhomo zinali pomwe iye anazisiya, mbali ya kumtunda isanayankhe. Anaganiza kuti mwina apongozi anatanganidwa ndi matumba. Mawa lake anapeza chimodzimodzi, mkuja wakenso chimodzimodzi, ndipo mtima utamukanika anaimbira foni Fadila.

"Achemwali, kompyutayi yauma."

"Sinaume, a Dziwani. Yokumbukira imakumbukira munthu mmodzi, mwini wake. Imeneyo ndi yanuyanu tsopano, palibe wina angalowemo. Amayi aja akalowa ndi dzina lawo amapeza ina, yosesedwa. Ndinanena poyamba paja. Pepani. Ndinafuna kubwereza, koma anthu anachuluka."

"Nanga nditapereka nambala yanga yachinsinsi kwa munthu?"

"Munthu wake uti?"

"Aliyense. Munthu basi."

"N'zoletsedwa zimenezo. Komanso mukawapatsa bwanji?"

Kuwapatsa pamanja sizikanatheka, kudzera mwa Alinafe kunali kuulula zonse. Dziwani anadula foni, nazindikira kuti analimbana pagulu, kusekedwa, kutchedwa mbuli, kuti apate bawo losewera yekha. Anayesapo kudziyankha mbali ya kumtunda, koma anapeza kuti akasewera mbali zonse ziwiri zimangokhala mbuli ziwiri, ndiye anabweza nkhomo pomwe zinali. Masana anayamba kutalika. Mpando ankaupezabe wofunda, koma unali mpando chabe. Kumunda anasiya kukumba timaenje, mizere inawongoka pang'ono, ndipo palibe anamuyamikira. Mbuzi yake itadyanso nyemba, anatchera khutu kudikira kukalipiridwa, koma kuseri kwa mpanda sikunachoke liwu. Zimenezo zinamupweteka kuposa kukalipa.

"Kodi mwadwala?" anafunsa Alinafe, poona chakudya chikubwerera.

"Ayi," anayankha Dziwani. "Ndi netiweki."

Madzulo ena akumanga mbuzi, mawu anachokera kuseri kwa mpanda.

"Iwe Alinafe, uwauze amuna ako kuti pansi pa tebulo la ku ofesi ndaikapo katundu wa malemu bambo ako. Kuno chiswe chachuluka. Asamutaye poganiza kuti ndi zinyalala."

"Katundu wanji, amayi?"

"Ndati uwauze, sindinati undifunse."

Mawa lake tiyi anamuzizirira m'manja Dziwani akuyang'ana kumzikiti. Atangoitana, nsalu ija itangolowa m'khamu, anawoloka msewu kutsogolo kwa minibasi, kondakitala n'kumutukwana, iye osamva. Pansi pa tebulo, pambali pa makina osindikizira akufa aja, panali chinthu chofundidwa ndi thumba lopanda kanthu. Anavundukula. Linali bawo la mtengo wa mlombwa, loda ndi manja a zaka zambiri, m'mbali mwake mosalala. M'maenje munali nkhomo zenizeni. Sizinaikidwe ngati poyambira masewero ayi, zinali pakati pa bawo, bawo lawo lija, ndipo mbali ya kumtunda inali itayankha.

Dziwani anagwada pa simenti, naseka yekha, misozi ikutsika. Atapukuta m'maso anadzuka n'kutsegula kompyuta, kungofuna kugoma ndi mmene munthu angasungire bawo lathunthu m'mutu. Anayerekeza dzenje ndi dzenje, sikirini ndi thabwa. Zonse zinkagwirizana mpaka anafika pa dzenje lake lina la kumbuyo, limene ankalisunga ngati nkhokwe ya chaka cha njala. Pa sikirini linali lodzaza bwino. Pa thabwa munali tinkhomo tochepa, ndipo zinazo zinali zitasamukira mbali ya apongozi. Anabwereza kusuntha kwawo m'mutu, kutsatira njira yonse, nabwerezanso. Panalibe lamulo lililonse la bawo limene likanafikitsa dzanja lawo m'dzenje limenelo. Mutu wa mayi Dorika unali utakumbukira ndithu, koma unakumbukira mokomera mwini wake.

Umboni unali pamaso pake, wowala, wosanama. Kwa nthawi yoyamba chikwatirireni, Dziwani anali ndi mlandu woti akhoza kupambana. Anayang'ana sikirini, anayang'ana thabwa. Thabwalo linali ndi fungo la utsi wa m'nyumba ya apongozi ake, nyumba imene iye sanalowemo n'kamodzi komwe. Anaganiza za mayi wamkulu uja atalisenza m'bandakucha, atalikulunga m'nsalu kuti a mu minibasi asalione, kenako atagwada pomwe iye anagwada, mawondo akudandaula, akuika nkhomo imodziimodzi.

Anagwira mausi, natseka masewero a pa sikirini. Kompyuta yake yokumbukira ija, imene anaivutikira chotere, inamufunsa ngati akufuna kuwasunga. Anakana. Kenako anatsikira pansi pa tebulo, napukuta manja pa thalauza, nasewera ndi tinkhomo tomwe anamusiyirato.

Madzulo anapeza Alinafe ali pamalo ake, mpeni uli m'manja, mbatata zili m'beseni. Anatsamiritsa njinga, nakonza kukhosi, nalankhula mokweza pang'ono kuposa masiku onse.

"Alinafe, muwauze amayi kuti katundu wa malemu ndamuona. Ali bwinobwino, palibe chasowa."

Kuseri kwa mpanda kunamveka kachifuwa kouma kaja.

"Uwauze amuna ako kuti maso awo aja ayamba kuona bwino."